A Saulos, Mkamwini Wogona Pamadzi

"Ayi, iwe Chifundo, usamatero. Sanandithamangitse," anatero a Saulos uku akukankha bwato ndi nsungwi yaitali. "Anandisudzula. Kuthamangitsa amathamangitsa wakuba."

"Nanga kusiyana kwake n'kotani, bambo? Ku Kepitauni kumene ndinali, nkhani yotere imathera kukhoti. Anawo ndi anu."

"Khoti lakolo likadamudyetsa phala Alefa?"

Ndinali nditangobwera kumene kuchokera kunja, kumene ndinapita ndili mnyamata, ndipo chilichonse cha kumudzi chinkandiyabwa. A Saulos ndi bambo anga aang'ono, mwamuna wa malemu amayi Rhoda, mng'ono wawo wa mayi anga. Tsikulo mwana wawo Alefa anandituma kuti ndikawanyengerere achoke pamadzi abwere kumtunda. Anali atawamangira kanyumba pafupi ndi yake, koma eni ake ankakana kukagonamo.

Tinalowa m'kanjira kopapatiza pakati pa njedza, udzu wautali wa m'madzi, kuseri kwa doko la Kachulu, mpaka tinafika pa chimbowera chawo. Chimbowera ndi khumbi lomangidwa pa udzu woyandama. Ukapondapo pamanjenjemera ngati pamimba pa ng'ombe. Asodzi amagonamo nyengo ya nsomba, kenako n'kubwerera kwawo. A Saulos agonamo zaka zoposa makumi awiri.

Anabwera m'mudzi mwathu kudzakwatira kuchokera kutsidya la nyanja, kumalire ndi Mozambiki. Anali mkamwini wofatsa, wolima mpunga wa mkazi wake ku Likangala. Amayi Rhoda atamwalira, anasiya ana awiri, Harry akuyamba kumene sukulu, Alefa ali kubere. Maliro atatha, mwini mbumba, amalume athu a Jafeti, anachita monga mwa mwambo: anawasudzula alamu awo, kuwamasula kuti abwerere kwawo akakwatirenso, ana akhale ndi akuchikazi. Sikuti ankadana nawo. Ankaopa kuti mkamwini akatsalira, mawa adzabweretsa mkazi wina pa munda wa mchemwali wawo.

"Ndinawafunsa chinthu chimodzi," anatero a Saulos titakhala pamphasa. "Ndinati alamu, kodi kudzaona ana ndikuloledwa? Iwo anati masana bwerani ngati mlendo aliyense, koma pamudzi pano musagone. Ndiye ndinayang'ana kwathu, kutali. Ndinayang'ana nyanjayi. Ndinati madziwa alibe amalume."

Anaseka, chifuwa chinawagwira, ndipo anatsokomola nthawi yaitali.

Zimene ndinamva pambuyo pake sindinazimve kwa iwo, chifukwa za iwo eni sakonda kukamba. Ndinazitola kwa mayi anga ndi amayi ena a pachitsime. Akuti m'mawa uliwonse, akavuula miono yawo, ankakocheza bwato n'kuyenda wapansi kufika pamudzi. Ankabwera ndi matemba ouma, n'kuwasinja okha mumtondo mpaka akhale ufa wothira m'phala la khanda. Mwamuna kugwira munsi! Amayi ankaseka mpaka misozi. Iwo ankangoti, "Sekani, koma mundisefereko." Alefa atayamba kuphuka mano, kutsekula m'mimba osaleka, anamubereka kumbuyo ndi chitenje cha malemu mpaka kuchipatala. Anthu panjira ankaima kuwayang'ana.

Mayi anga akuti Alefa anaphunzira kuyenda powatsatira bambo akewo. Dzuwa likapendeka, a Saulos ankadzuka kuti azipita, kamwanako n'kumadzandira pambuyo pawo kakulira. Iwo sankathawa mozemba monga amachitira akulu ambiri. Ankagwada, n'kukauza kuti, "Ndikupita kunyanja, mawa ndibwera." Kanali kasanadziwe n'kuyankhula komwe, koma ankakauzabe. Ndipo mawa lakelo ankabweradi, kaya kugwe mvula, kaya mwera uvute.

Chimene chinandizizwitsa kwambiri si kubwerako, koma kudziwa kwawo kosendera m'mbuyo. Harry atakula, anamudulira mitengo ya gowelo, koma kumanga anamusiyira yekha. Denga litapendama sanaligwire. Anangokhala pachitsa n'kumafunsa kuti, "Mvula ikachokera kuphiriko, ilowera pati?" Alefa atatha msinkhu, analeka kufika pakhonde. Ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba, chapatali, kudikira kuti mwana abwere yekha kudzawapatsa moni. Masiku ena sankabwera, ali ndi manyazi ake a usinkhu umenewo. Iwo ankasiya nsomba kwa mayi anga n'kubwerera osadandaula.

Chaka chimene nyanja inaphwa, asodzi anabalalika, ena ku Malombe, ena ku Chiuta. Mabwato anangoti mbwee pamatope ong'aluka. Chimbowera cha a Saulos chinakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, pakati pa chipululu cha fumbi loyera. Anthu anati tsopano madala apita kwawo. Sanapite. Alefa anali mu Folomu 4 chaka chimenecho. Iwo ankatema njedza n'kuluka mphasa, m'mawa n'kumadutsa pansi pa nyanja wapansi, mapazi atang'ambika, kuti mwana akamapita kusukulu awapeze ali pabwemba paja.

"Akazi analipo ofuna kukutengani," ndinawaseka. "Simunawaone?"

"Ndinawaona, maso ndili nawo. Koma mkazi wake uti angalole nyumba imene mphepo ikawomba umadzuka ili kwina?"

Ndinawauza zimene Alefa anandituma: kuti madzi akwera chichitikireni namondwe woopsa wa posachedwapa, kuti chifuwa chawo chikumveka mpaka kumtunda, kuti munda wa amayi ake tsopano ndi wake ndipo angathe kusunga amene akufuna. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Amene anati ndisagone pamudzi ndi a Jafeti," anatero. "Akadali moyo. Ndikakagona iwo asananene, ndiye kuti zaka zonsezi ndinkangodikira kuti akalambe. Ndipo Harry ndi Alefa ndidzakhala nditawaphunzitsa chiyani za amalume awo?"

Ine magazi anawira. Ndinaona ngati munthu akudzimanga yekha ndi chingwe chowola. Koma nkhope yawo inalibe mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo ndinachita mantha ndi kufatsa koteroko.

Alefa atamva yankholo sanalire. Anabereka mwana wake Tamanda, khanda longoyamba kukhala pansi, n'kundiuza kuti ndimuperekeze kwa amalume. Tinawapeza a Jafeti akusoka thumba la mpunga pakhonde. Alefa anagwada chapatali.

"Amalume, ndabwera ndi nkhani ya bambo."

"Nkhani imeneyo inatha iwe usanamere mano."

"Inathadi. Munaopa kuti abweretsa mkazi pamunda wa amayi. Onani, tsitsi lawo layera, mkaziyo sanabwere. Munda ndikulima ndine. Akafera pamadzi paja, mtembo mukautenga ndinu, ndipo usiku wa maliro adzagona pamudzi pano ndithu. Ine ndikupempha agone akupuma."

A Jafeti anapitiriza kusoka. Kenako anati, "Pakamwa ngati mayi ako." Tinabwerera opanda yankho.

M'mawa mwake, a Saulos atafika pabwemba monga mwa masiku onse, tinaona a Jafeti akubwera akukankha njinga, atamangirira chitseko chakale chathabwa. Kanyumba kaja kanali kasanaikidwe chitseko. Anachitsitsa, n'kuchitsamiritsa pakhoma.

"Alamu," anatero osawayang'ana, "chitsekochi chikungodyedwa ndi chiswe kwathu. Koma chimalimba potseka. Muzichikoka ndi mphamvu mukamagona, mbuzi za pano n'zamwano."

A Saulos anaimirira, anavula chipewa. Anayang'ana chitsekocho n'kufunsa kuti, "Mahinjesi alipo, alamu?"

"Mufuna ndikupatseni zonse? Kagulani."

Amuna awiri okalambawo anagwirizira chitsekocho pamodzi kuyesa ngati chikukwana, akukangana za mbali yoti chizitsegukira. Alefa analowa m'nyumba mwake mofulumira, ndipo sanatuluke msanga.

Tsiku la msika ndinawaperekeza ku Songani. M'minibasi anakhala mowongoka, manja pamaondo, ngati mwana wopita kukabatizidwa. Mahinjesi, tizitsulo tomangira chitseko, tinawasowa, ogulitsa anati tibwerenso sabata yamawa. Ine ndinayamba kudandaula za dziko lino mmene zinthu zimavutira, koma nditacheuka ndinapeza ndikuyankhula ndekha. A Saulos anali ataima pa mayi wina wogulitsa matsache, akuwayesa limodzilimodzi pachikhatho.

"Agogo, tsache amasankha ndi amayi," anawaseka mayiyo. "Akunyumba ali kuti?"

"Akunyumba ake ndi ine ndemwe. Ndipatseni lolimbali."

"Mukasesa chiyani, bambo?" ndinafunsa.

"Sunamuone Tamanda dzulo? Wayamba kutsamira kutsogolo, manja pansi. Mwezi uno usanathe akwawa ameneyo. Ndipo pabwalo paja pali minga ya mlamba, zipande za mabotolo, chilichonse. Mwana wokwawa amaona ndi pakamwa."

Pobwerera minibasi inadzaza, kondakitala anafuna kuliponya tsachelo kumbuyo pamodzi ndi matumba. Iwo anakana. Analigwira chilili pakati pa miyendo njira yonse, nsonga zake zikukhudza denga, mpaka tinatsika.