Munandilanda tsache, bambo a Tiya

Bambo a Tiya, mwamuna wanga, fumbi la chilimwe lafikanso. M'mawa uno ndikusesa pabwalo ndabanika mpaka kukhala pansi, ndipo pomwe ndimapopera mankhwala m'kamwa ndakumbukira tsiku lija tinachokera kuchipatala ku Thambani, atatiuza kuti mphumu yangayi siidzatha, tizingoisamala. Kutacha munandilanda tsache m'manja. Munawaza madzi bwalo lonse n'kuyamba kusesa, chiweramire. Anzanu aja amadutsa ndi makala pa njinga anaima n'kumaseka, amvekere ndakudyetsani khuzumule. Inu osadzutsa n'komwe mutu, munangoti, "Sekani, koma mayi awa fumbi ayi." Kuyambira pamenepo simunandilolenso kusesa.

Pamudzi pano aliyense ankadziwa kuti wodwala ndine, ndipo ngakhale ine ndinkayesa kuti ndidzatsogola ndine. Koma lero chakwana chaka chitisiyireni. Mankhwala aja ndikupopera tsiku lililonse monga munkandikakamizira, musadandaule. Madzinso ndimawaza ndisanasese, kungoti dzanja langa silifika pomwe linkafika lanu, ndiye fumbi limandipezabe.