Winfrida ndi Seva Imene Inakana Kuyamba

Winfrida Njobvu anaphunzira kutaipa ku Katete ali ndi zaka makumi atatu, mwamuna wake atangomwalira. Ankataipira anthu makalata pa kashopu ka kumsika mpaka anapeza ntchito yolemba odwala mu kompyuta pa kiliniki ina ya kumudzi, kufupi ndi Vubwi. Ku koleji sanapiteko. Zomwe ankadziwa anazitola poyang'anitsitsa amisiri ochokera ku Chipata ndi kuwafunsa mpaka kuwatopetsa.

M'kachipinda kake munali seva, kompyuta yosunga mayina a odwala onse ndi mankhwala amene aliyense amamwa. Lolemba lina mu Febuluwale dalaivala wa ambulansi anabweretsa fulashi muli pulogalamu yatsopano, ndi kapepala kongoti aiike. Winfrida anaiika, nayatsanso seva. Pulogalamu sinayambe. Anayesa kanayi, osatheka, ndipo yakale inali itafufutika kale.

Anaimbira Collins, mmisiri wawo, yemwe anali ku msonkhano ku Lusaka. Iye anamuuza kuti atsegule fayilo imene seva imalembamo zovuta zake, amuwerengere mzere womaliza. Atamva, Collins anafotokoza kuti pulogalamuyo siiyenda yokha, imadalira ina yotchedwa Java, monga chigayo chimadalira injini. Yatsopanoyi inapangidwira Java 17, pamene seva inali ndi Java 8. Anafunika kukoka Java yatsopano pa intaneti.

Pa kiliniki netiweki inali yosowa. Winfrida ankakwera kachulu kuseri kwa sukulu, foni ili m'mwamba, koma fayilo inkaduka ikafika pakati, ndipo nthawi zina foni inkagwira netiweki ya ku Mozambique.

Lachiwiri kunabwera a Samuel Mwale, bambo wa kumalire, atapalasa njinga maola atatu. Mankhwala awo otalikitsa moyo anali atatha sabata yapitayo, ndipo kabuku kawo ka kuchipatala kanali katanyowa ndi mvula, zolemba zonse zitasungunuka. Anali atasinthidwa mankhwala kawiri m'mbuyomo. A nasi Dorothy anali atsopano pamalopo, sankawadziwa, ndipo anakana kupereka mankhwala mongoganizira. A Mwale ankangokumbukira mtundu wa botolo.

Anaima pakhomo pa kachipinda ka Winfrida, chipewa chili m'manja.

"Mayi, dzina langa lili m'menemo. Munalilemba ndinu."

"Lilimo, bambo. Koma lero sindingathe kuliona."

Anawauza kuti abwerenso Lachisanu. Iwo anavomera ndi mutu, nakankha njinga yawo mpaka kumsewu asanakwere.

Lachitatu Java 17 inamaliza kutsika. Winfrida anaiika, nayatsa seva. Inakanabe, ndipo mu fayilo ya zovuta munali mzere womwe uja. Foni ya Collins inali yozima. Anakhala pansi nalira pang'ono, chitseko atatseka, kunja odwala ali pa mzere ndipo a Dorothy akulemba pa mapepala.

Lachinayi anatsegula fayilo imene seva imawerenga poyamba, naitsata mzere ndi mzere ndi chala, ngakhale zambiri sankazimva. Cha kumasana anapeza mzere umene unkalozabe kumalo kumene kunali Java yakale. Seva inali ndi ma Java awiri, koma inkatengabe yakale ija. Anakopera mzerewo papepala kuopa kulakwitsa, kenako mu fayilomo analemba malo a Java 17. Seva inayamba.

Dzina loyamba kulifufuza linali la a Mwale. Mankhwala awo anali m'sitolo ya kiliniki masiku onsewo, pa shelefu yachiwiri.

Lachisanu a Mwale sanabwere. Mvula inagwa mlungu wonse, mitsinje inadzaza, ndipo uthenga umene Winfrida anatumiza kudzera mwa wogulitsa mtedza wa kumudzi kwawo sunayankhidwe. Mu Epulo akazi awo anabwera ndi mwana wodwala malungo, nanena kuti bambowo anamwalira kumayambiriro kwa Marichi, atatsokomola milungu iwiri.

Palibe amene anamuloza chala Winfrida. Collins anavomera kuti kapepala kaja kanayenera kutchula za Java. A Dorothy anati bamboyo anali atafooka kale, mwina masiku anayiwo sanasinthe kanthu. Winfrida sanatsutse, koma sanakhulupirirenso.

Akugwirabe ntchito pa kiliniki yomweyo. Fulashi ikabwera kuchokera ku Chipata amaiika m'dirowa, ndipo saikhudza mpaka atalankhula ndi amene anaitumiza, ngakhale padutse mwezi. Akuluakulu ake amulembera kale kalata yomuchenjeza kawiri.