Woimba Belu Amene Ankaliopa

Loweruka lapitali tinaika m'manda a Cleophus Rainey, amene anatiimbira belu pa mpingo wathu wa Baptist kuno ku Mississippi kwa zaka makumi asanu. Ndisabise, anali munthu wamantha, ndipo eni akewo sankakana.

Manthawo anali ndi pochokera. Mu 1964, iwo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo awo analiza belu poitana anthu akuda kuti adzaphunzire kulembetsa mavoti. Sabata isanathe tchalitchi chinasanduka phulusa, bambowo anathamangitsidwa pamunda wa thonje wa mzungu, banja n'kukagona m'khola la mnansi. Chimene chinatsala ndi belu lokha, lakuda bii ndi mwaye.

Atakula, a Rainey analandira chingwe cha belulo, koma ndi lamulo lawolawo: Lamulungu ndi maliro basi. Mwambo wathu wa maliro ankausunga bwino. Munthu wa mpingo akamwalira, belu limalira kamodzi pa chaka chilichonse chimene anakhala padziko, ife n'kusiya ntchito, kumawerenga kuti tidziwe amene watisiya.

Dziko linasintha iwo akuona. Tinayamba kuvota, tinasankha meya wakuda, thonje linatha, ana athu anakhamukira ku Atlanta, m'tchalitchi n'kutsala imvi zokhazokha. Koma a Rainey ankavota chipewa atachitsitsira kumaso, pobwerera n'kudzera njira ina. Tikawaseka kuti zakale zinapita, ankangoyankha kuti moto umapita kumene kwatsala tchire. Pamene fakitale yophera nkhuku inabweretsa anthu a ku Guatemala, ndiwo ankawatsekulira tchalitchi masana kuti apemphere, ngakhale chinenero chawo sankachimva ndi pang'ono pomwe.

Zaka zisanu zapitazo, tsiku lina m'mawa, magalimoto a boma ogwira anthu olowa m'dziko opanda zikalata anazinga fakitale ija. A ku Guatemala amene sanagwidwe anadzitsekera m'nyumba. Sabata yomweyo anamwalira mayi wina mwa iwo, Rosenda Chavajay, amene anadwala koma anaopa kupita kuchipatala. Mwamuna wake Anselmo anauza a Rainey kuti palibe mnzake amene angalimbe mtima kutuluka, ngakhale wonyamula bokosi. Akulu a mpingo anapereka manda, koma anati maliro achitike mwakachetechete, popanda belu.

"Achimwene, Rosenda sanali wa mpingo uno," anatero mayi Ozella Tarver, mmodzi wa akuluwo, pouza a Rainey. "Kapena mwaiwala chimene belu lija linatibweretsera?"

"Ndingaiwale bwanji, achemwali? Utsi uja ndimaununkhizabe."

A Rainey anaima pansi pa chingwe cha belu nthawi yaitali. Anandiululira pambuyo pake kuti anapemphera kuti chingwecho chiduke, Mulungu awachotsere mlandu. Sichinaduke, ndipo anakoka.

Ife m'makomo tinawerenga monga mwa masiku onse, tikuyembekeza kuti lifika pa makumi asanu ndi awiri kapena kuposa. Linaima pa makumi atatu ndi kanayi. Mitima inatiphulika, pakuti pa mpingo pathu panalibe wamsinkhu umenewo, ndiye aliyense anati ndi mwana wake wa ku Atlanta. Tinathamanga, ena ndi ndodo zoyendera, ena ufa uli m'manja, bwalo n'kudzaza. Titamva zoona zake, ena anakwiya.

"Mwatidula mtima pachabe, madala inu," anatero mayi Tarver.

"Pachabe? Umo mwagona mwana wa munthu. Poti mwabwera kale, nyamulani."

Manyazi anatigwira. Tinatuma magalimoto athu kukatenga anzake a Rosenda, tinawakhazika pakati pa tchalitchi, ife n'kukhala kumawindo. Galimoto ina yosadziwika inadutsa kawiri pang'onopang'ono. A Rainey anaima pakhomo thukuta lili kamukamu, osasuntha, mpaka nyimbo yomaliza. Palibe amene anagwidwa, komabe kwa chaka chathunthu m'mawa uliwonse a Rainey ankapita kukaona ngati tchalitchi chilipo.

Anamwalira Lamulungu masana, ali pampando wawo wa pakhonde, buku la nyimbo lili pamiyendo, ngati munthu amene wangotsinzina. Anatisiyira phunziro lakuti wamantha nayenso angathe kumvera Mulungu, mantha akewo ali nawo.

Belu lawo analiza ndi Anselmo. Tinkadziwa kuti lilira makumi asanu ndi awiri ndi katatu, komabe tinawerenga. Litafika pa makumi atatu ndi kanayi linakhala chete kanthawi, ndipo tonse tinamudikira mpaka anagwiranso chingwe.