Kugwada Patali

Apongozi anga aamuna anali akatekisita kufupi ndi Fonte Boa, ndipo akayambitsa pemphero pamaliro ankamveka mpaka kumadimba. Ine ndinakwatiwa kwawoko, kuchitengwa. Kwathu kuno apongozi aamuna suwayang'ana kumaso, suwakhudza. Ukawabweretsera madzi umagwada patali n'kungokankhira chikho.

Matenda anayamba ndi kunjenjemera kwa dzanja lamanja. Kuchipatala ku Ulongwe anati ndi Parkinson, n'kuwapatsa makomprimidu oti azimwa tsiku lililonse. Patapita zaka thupi linauma, mawu nawo anatha. Milomo inkagwedera, koma chotuluka chinali ngati mpweya wa tayala la njinga lobooka. Ankawamva ndi mwamuna wanga yekha, poti iye ankaika khutu pakamwa penipeni. Apongozi aakazi anali atatisiya kale.

Chaka china nthawi yozizira, mwamuna wanga anapita ku Tete ndi matumba a kachewere, n'kukhalako masabata atatu. Woperekeza apongozi kuchimbudzi anali mkulu wawo, nkhalamba yogontha, maso nawo achimbuuzi. Tangoganizani, wosamva kusamala wosalankhula! Zina zonse zinali zanga.

Sipanathe masiku ndinaona kuti china chikuwapweteka. Ndikabweretsa phala ankandiyang'anitsitsa, milomo ikuyenda, dzanja likugunda mphasa. Ine ndili chigwadire pakhomo ndinkangoti, "Eya, bambo," osamva ngakhale liwu limodzi. Ndinkadzinamiza kuti ndi ulemu, koma kunena zoona ndinkaopa pakamwa pa anthu.

Sabata yachiwiri m'nyumba munayamba fungo. Ndinalephera kupirira. Ndinakwawa ndi maondo mpaka pamphasa, n'kuweramitsa khutu pafupi ndi pakamwa pawo.

"Bambo, chikukupwetekani n'chiyani? Nenani, ndikumva."

Analimbana nthawi yaitali, malovu akutsika pachibwano. Kenako mawu anatuluka, limodzilimodzi.

"Bwererani uko, mama. Sizichitika."

Ndinabwerera. Ichi ndiye chimandidya mpaka lero: sindinakakamire, ndipo mumtima ndinapepukidwa kuti andithamangitsa okha.

Mwamuna wanga atangotsika shapa, minibasi yakwathu kuno, anakalowa m'nyumbamo, n'kuwavula bambo ake bulangeti ndi zovala. Anapeza chilonda m'chiuno, chakuya choti chala n'kulowa, chifukwa usiku ndi usana ankagonera mbali imodzi, osatha kudzitembenuza. Anandiitana kuti ndidzaone, ine ndinakana. Kuchipatala enfermeru, namwino wa kumeneko, akutsuka chilondacho, anafunsa kuti panyumbapo panalibe munthu kodi. Ndinangoyang'ana pansi.

Apongozi anamwalira sabata yotsatira. Pamaliro azimayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe kuti andithokoze. Anati akazi amakono alibe khalidwe, koma ine ndasamala apongozi osaphwanya mwambo ngakhale tsiku limodzi, ndipo atsikana aphunzirepo. Ndinagwada, n'kuwomba m'manja.