Galimoto Yathu Itazima pa Mlatho

Ndikukumbukira galimoto yoyamba ya bambo anga, yobiriwira, yonunkha petulo ndi mipando yopsa ndi dzuwa. Anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo m'mawa uliwonse inkawanyamula kuchoka ku Area 12 kupita kuntchito ku Capital Hill. Pothamanga inalibe mlandu. Koma ikangoima, injini inkanjenjemera ngati wodwala malungo, kenako zii. Ine mwana woyamba, mtsikana, ndinali wokankha wamkulu, ngakhale nditavala yunifolomu ya sukulu.

Pakhomo pathu pankakhala amalume a Fanuwelo, alongo awo a mayi, amene anachoka ku Mitundu kudzafuna ntchito koma n'kupeza mpando wa pakhonde. Iwowa anadzipatsa okha umakaniko chifukwa anakwerapo thirakitala ku esiteti ya fodya. Ankatsegula boneti, manja m'chiuno, n'kumayang'ana injini ngati anaibereka ndi iwo. Poyamba anati ndi mapulagi. Bambo anagula. Kenako anati batire yatopa. Kenako petulo wa m'tauni ngwamadzi. Zonsezi zitakanika anatsitsa mawu: "Alamu, kuntchito kwanu kuli wina sakukondwa. Iyi si ya sipanala ayi." Bambo, munthu wa tayi, mkulu wa mpingo, n'kumavomera ndi mutu!

Loweruka lina tonse, ndi amalume omwe, tikupita kumsika wa ku Old Town tinapeza apolisi akuchotsa magalimoto mumsewu, poti mdipiti wa mtsogoleri wa dziko unali pafupi kudutsa. Amayi ovala nsalu za chipani anali ndandanda uku ndi uku, akuimba. Lole ina inaima kutsogolo kwathu, bambo n'kuponda buleki, yathu ija n'kuzima pakati penipeni pa mlatho. Masiku amenewo kutsekereza mdipiti sinali nkhani yoseketsa. Munthu ankatha kutengedwa, abale osadziwa kokafunsa.

Wapolisi anamenya denga ndi chikhatho. "Achikulire, mwatumidwa eti?"

Bambo anali thukuta kamukamu, akupotokola kiyi, injini osayankha. Ine ndi mayi tinatsika n'kuyamba kukankha, mayi mwana ali kumbuyo, chitsulo chikuotcha zikhatho. Nanga katswiri wathu uja? Ndinawaona atalowerera m'khamu, akuomba m'manja mwamphamvu, maso kumwamba, ngati sanationepo chibadwire.

Tinaikankhira kuseri kwa masitolo, njinga zamoto za apolisi zikulira kale kumbuyo kwathu. Bambo anatsika n'kungokhala pansi pa fumbi. Pafupi ndi mzikiti panali makaniko wina, a Chande. Anailiza, n'kumvetsera ikuzima, kenako anafunsa kuti ndani amagwiragwira kabuleta. Anationetsa kasikuluwu kamene kamalola injini kumwa petulo pang'ono galimoto ikaima. Wina anali atakamanga mpaka kutsekeratu. Anakamasula pang'ono, injini n'kuyamba kung'ung'udza bwinobwino.

Amalume anafika kunyumba madzulo, wapansi, akudandaula kuti tinawasiya. Mayi atawapanikiza anavomera opanda ndi manyazi omwe kuti anakamanga ndi iwo, tsiku lomwe galimoto inafika. "Ndimakusungirani petulo, alamu. Galimoto yoima idyerenji?" Mayi sanakalipe. Anangowalongedzera zovala, Lolemba n'kuwaperekeza kudepoti. Kumudzi, mpaka imfa yawo, ankauza anthu kuti ndi iwo anapulumutsa alamu awo pa mlatho.

Lero mwana wanga amangolumikiza kachipangizo ku galimoto, iko n'kumuuza chavuta. Mdipiti ukatseka msewu anthu amadandaula mokweza m'minibasi, palibe amawatenga. Koma mtundu wa amalume sunathe ayi, wangosamukira pa foni. N'chifukwa chake ine ndikangomva munthu akuyamba ndi mawu akuti "musadandaule, izi ndimazidziwa," ndimatseka boneti, kiyi n'kuika m'chikwama.