Phunziro la Pompei m'Tsinde mwa Chambe

Uphunzitsi ndinaupeza chifukwa cha kukweza mawu. A Namakhwa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni kufupi ndi Likhubula, anandimva ndikuwerenga m'tchalitchi, ndipo potuluka anati, "Mawu amenewa asamangothera pa Sabata." Anandipatsa choko, chofufutira ndi buku la mbiri yakale lothothoka chikuto.

M'bukumo munali Pompei, mzinda wa Aroma umene unali m'tsinde mwa phiri. Ndinaukonda kwabasi. Tsiku lina m'dzinja ndinaujambula pabolodi: misewu yamiyala, msika, nyumba zophikira buledi, ndi phirilo kumbuyo kwake. Kenaka ndinafotokoza mmene phirilo linalavulira phulusa lamoto n'kukwirira mzinda wonse, buledi akadali mu uvuni. Ana anasiya kulemba pamasileti, maso onse pazenera, kumene phiri lathu la Chambe linali litafunda mitambo yakuda. Ine ndinkati ndaphunzitsa bwino.

M'mawa mwake mabenchi ambiri analibe anthu. Mbiri inali itawanda kuti mphunzitsi watsopano walosera Napolo, madzi aja otsika m'phiri ndi miyala.

"Ana akapanda kubwera Lolemba, inu mukayambe kuthyola tiyi," anatero a Namakhwa, osakweza n'komwe mawu.

Ndinayenda khomo ndi khomo mpaka kwa amayi ake a Esinati, mtsikana amene anzake onse ankamutsatira. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Ndinalongosola kuti phiri lija linali lamoto, lakutali, ndipo nkhaniyo ndi yakalekale.

"Zimenezo ndamva, aphunzitsi," anatero. "Koma anthuwo anawalira? Anawaika?"

Ndinanena zoona, kuti anakhala m'phulusamo mpaka anthu ofukula anadzawapeza.

Anaika mpeni pansi. "Bambo ake a Esinati anapita ndi madzi a m'phirimu. Sitinawapeze, m'manda tinaikamo thunthu la nthochi. Tsopano mwanayu akungofunsa ngati nawonso adzawafukula."

Chisoni chinandigwira. Buku limene ndinabwera nalo linakhala pamwendo chitsekere.

Lolemba mayiwo anabwera naye okha Esinati, ana ena ali pambuyo. Anaima pakhomo la kalasi n'kunena kuti, "Pitirizani. Koma muyambe ndi mmene anthuwo ankakhalira, osati mmene anafera."

Ndinafufuta phiri pabolodi n'kuyamba ndi msika. Zaka zonse zimene ndagwira choko, sindinatsegulenso buku pa tsamba la imfa ndisanadziwe amene ana anga anawataya.