Kanyama ka m'thumba la aphunzitsi

Ku Mavwere kuli aphunzitsi ena opuma pantchito, ndipo Esitele, amene anachita nawo malire a munda, sawakhulupirira. Madalawa sapita kumunda opanda kanyama kamwala m'thumba la malaya. M'mawa uliwonse amakaika pakhonde n'kukawaza ufa, amvekere, "Mlendo sadya moni."

Chaka chatha mtedza wa Esitele unangochita masamba, pomwe wa aphunzitsi unadzaza nkhokwe. Esitele anawalondola pakhomo.

"Aphunzitsi, kanyama kanuko si kamene kakukoka mbewu zanga?"

Iwo anakatulutsa. Kanali kachimbalangondo kakuda, ka maso abuluu, komangiridwa kamuvi pamsana.

"Anakasema ndi anthu a mtundu wa Azuni a ku Amereka, mayi. Kwawoko chimbalangondo chimaimira machiritso, ndipo amachidyetsa ufa wa chimanga. Mwana wanga Greyson ndiye ananditumizira ali komweko nditadwala. Tagwirani, ndi mwala chabe."

Esitele anabisa manja m'chitenje.

"Ngati ndi mwala chabe, mumaudyetseranji?"

Aphunzitsi anabweza kanyamako m'thumba.

"Greyson anatisiya komweko, maliro sitinawaone. Ndatsala ndi ndani womupatsa chakudya?"

Esitele anapepesa, misozi ikulengeza. Komabe chaka chino mtedza wake wakadzala kutsidya kwa dambo, kutali ndi munda wa aphunzitsi.